Mizere ya mafunde pa kaphiri ka ku Dudley: akudziwa bwanji kuti nyanja yake inali yosaya?

Make Tadala (Dudley):
Mwaswera bwanji a pa gulu. Pepani ndabwera ndi nkhani yosiyana ndi zomwe timakamba masiku onse koma ndikudziwa muno muli anthu anaphunzira za miyala nde mundithandizeko. Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi ndinamutenga Tadala kukawongola miyendo ku Wren's Nest, ndi kaphiri kali mkatikati mwa tawuni ya Dudley kuno, nyumba za anthu mbali zonse. Nde tikuyenda choncho tinafika pena pake pali chimwala chachikulu chopendekeka ngati denga la nyumba, koma pamwamba pake pali timizere tija timakhala pamchenga m'madzi ku Senga Bay, tija ukaponda timakukanda kuphazi. Ndendende. Kungoti apa ndi mwala wouma gwa. Akuti pamalopa panali nyanja yamchere yosaya komanso yofunda zaka pafupifupi 428 miliyoni zapitazo. Mwana wandifunsa kuti amayi akudziwa bwanji kuti inali yosaya, anayeza ndani? Zoti panali madzi ndavomera poti zigoba tatola tokha ndi manja athu, koma kuya kwake ndi kufunda kwake akuzitenga kuti? Ndamulonjeza kuti ndimubweretsera yankho.

Aphunzitsi a Jogalafe:
Taswera bwino mayi. Yankho mwalinena nokha, mizere imeneyo imapangidwa ndi mafunde ndipo mafunde amakhudza pansi pomwe pali posaya basi. Ndiye pamenepo panali m'mphepete mwa nyanja, pagombe penipeni.

Wa Miyala:
Aphunzitsi mbali yoyambayo ndi zoona koma pa mawu oti pagombe penipeni tiyeni tiyambe taima kaye. Achemwali ndikufunseni, timizereto mbali zake ziwiri zinali zofanana, kapena mbali imodzi yotsetsereka pang'onopang'ono ina yogwa mwadzidzidzi? Komanso kuchoka pa mzere umodzi kufika pa unzake panali kutalika bwanji, ngati zala zinayi kapena ngati mkono?

Make Tadala (Dudley):
Ndaonanso pa chithunzi, mbali zonse zikuoneka zofanana achimwene. Kutalikirana kwake sindinayeze, pamalopo pali mpanda sufika pafupi kwenikweni.

Wa Miyala:
Chabwino. Zofanana mbali zonse nde kuti madzi ankapita uku nkubwerera, kupita nkubwerera, amenewo ndi mafunde. Zikanakhala zopendekera mbali imodzi bwenzi tikuti ndi madzi oyenda njira imodzi ngati mumtsinje wa Linthipe. Nde apo tapeza chinthu chimodzi, pansi pa nyanjayo mafunde ankafikapo. Koma funso ndi loti mafunde ake ati. Funde limagwedeza madzi mpaka kuya kofika pafupifupi theka la mtunda wa pakati pa funde ndi funde linzake. Masiku a bata kugwedezako kumathera mwina pa mamita 5 mpaka 15 malinga ndi nyanja yake, koma kukabwera namondwe mafunde amatalika ndipo amatha kutakasa pansi pa mamita makumi angapo. Nde mizere yokha siikuuza kuti unali pagombe, ikungokuuza kuti sunali pansi kupitirira pomwe namondwe amafika.

Mwana wa Msodzi (Nkhotakota):
Izi nde ndikuzidziwa osati za m'buku. Bambo anga amatchera machera ndipo nthawi ya mwera, June July uko, ukonde womwe unatcheredwa pakuya ndithu umabwera utadzadza zinyalala ndi tizigoba tophwanyika, pomwe miyezi ya bata pamalo omwewo umatuluka woyera. Ndili mwana tinkamira kukatola mchenga pansi popikisana, pafupi ndi gombe mizere imakhala yowongoka bwino ndipo mawa lake ukapita yasintha, koma ukalowa mkati kumene mpweya umayamba kukuthera umapeza pansi pali kamatope kofewa kophimba mizere yakale, yomwe inatsala mwera womaliza utadutsa.

Wa Miyala:
Achimwene a ku KK mwafotokoza bwino kuposa momwe ndikanachitira. Kamatope kophimba kameneko nkofunika kwambiri, ndi kamene kamasunga mizere kuti isafufutike mpaka isanduke mwala. Pagombe penipeni mizere imapangika nkufufutika tsiku lomwelo.

Wophunzira ku Zomba:
Ife chaka chino tangophunzira za Dunham. Ndione ngati ndagwira. Robert Dunham mu 1962 anagawa miyala ya laimu, ngati ya ku Dudley imeneyi, potengera kuchuluka kwa matope ndi tizidutswa ta zigoba ndi zina. Mudstone ndi matope okhaokha pafupifupi, wackestone tizidutswa tapitirira 10 peresenti koma tikuyandama m'matope, packstone tizidutswa tikugundana koma matope alipo m'mipata, grainstone matope mulibiretu, ndipo boundstone ndi pomwe zamoyo zinamangana zokha zili moyo ngati pa reef, chimulu cha mwala chomangidwa ndi zamoyo pansi pa nyanja. Nde grainstone ndi posaya chifukwa mafunde anatsuka matope, mudstone ndi pakuya. Ndi choncho eti akulu?

Wa Miyala:
Mndandanda walondola mphwanga, koma chiganizo chako chomalizacho ndi chomwe chimagwetsa anthu ambiri. Matope sakutanthauza kuya, akutanthauza bata. Madzi odekha basi.

Wophunzira ku Zomba:
Koma akulu madzi odekha si a pansi? Pamwamba pali mafunde nthawi zonse. Ngakhale chithunzi chomwe tinajambula mkalasi matope ali kumapeto kwakuya.

Mwana wa Msodzi (Nkhotakota):
Mphwanga unafikako ku Chia? Ukamachokera ku Salima kupita ku Nkhotakota umawoloka pa mlatho pomwe Chia amalumikizana ndi nyanja yaikulu. Chia ndi wosaya koma pansi pake m'malo ambiri ndi matope, chifukwa ndi wotchingidwa, mafunde akulu a kunyanja salowamo. Kungotuluka pa kamtsinje kaja kufika kunyanja wapeza mchenga woyera wotsukika. Nde wina atabwera patapita zaka mamiliyoni nkupeza matope a Chia atauma anganene kuti panali pakuya? Akhala atanama.

Wophunzira ku Zomba:
Aaa ok ndaona. Nde matope angakhale a pakuya kapena a kuseri kotchingidwa. Nanga tsono usiyanitsa bwanji poti onse ndi matope?

Wa Miyala:
Funso limenelo ndiye ntchito yathu yonse. Suyang'ana chinthu chimodzi, umasonkhanitsa mboni. Mboni yoyamba ndi zamoyo zomwe zili mmenemo. Kuseri kotchingidwa m'nyanja yamchere, mchere umasinthasintha, dzuwa likawomba madzi amauma mchere nkuchuluka, mvula ikagwa umachepa, nde zamoyo zomwe zimapirira ndi mitundu yochepa, umapeza mwina nkhono zamtundu umodzi zambirimbiri ndi tizinthu tina tating'ono totchedwa ostracod, basi. Mboni yachiwiri ndi zizindikiro zoti malowo ankauma: ming'alu ngati ya padambo mu October, timabowo ting'onoting'ono tomwe mpweya unasiya m'matope, mwina mchere wa gypsum ngati womwe ukupangika lero m'zigwa za m'mphepete mwa nyanja ku Abu Dhabi. Ukapeza zimenezo pafupi ndi matope ako, unali posaya zedi. Pomwe matope a pakuya amakhala ndi zamoyo zomwe zinkayandama pamwamba nkugwera pansi zitafa, magawo ake opyapyala ofanana mtunda wautali, ndipo ming'alu ya dzuwa sungaipeze.
Achemwali a ku Dudley, mwa zomwe munatola muli timiyala tozungulira ngati mikanda tokhala ndi kabowo pakati?

Make Tadala (Dudley):
Eee tilipo tambiri!! Tadala amati apange mkanda wa m'khosi. Tina talumikizana ngati kandodo kakafupi.

Wa Miyala:
Amenewo ndi ma crinoid. Amaoneka ngati duwa lokhala ndi phesi koma ndi nyama, abale ake a starfish, ndipo timikandato ndi tizidutswa ta phesilo. Banja limeneli lonse silikhala m'madzi opanda mchere ndipo ambiri a m'banjali sapirira mchere ukamasinthasintha. Nde mkanda wa Tadala ukutiuza kale kuti iyi inali nyanja yamchere yotseguka bwino, osati dziwe lotchingidwa, osatinso nyanja ngati yathu ya Malawi. Onjezerani kuti pa Wren's Nest papezeka mitundu ya zamoyo zakale mazanamazana, ma coral omwe ndi tinyama tomanga zisa zolimba ngati mwala, ma brachiopod omwe amaoneka ngati zigoba za nkhono za mbali ziwiri, ma bryozoan omwe ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala m'magulu, ndi ma trilobite omwe anali tinyama ta chigoba cha timagawotimagawo. Kuchuluka kwa mitundu koteroko kumafuna madzi oyera, mpweya wokwanira ndi mchere wokhazikika.

Make Tadala (Dudley):
Trilobite ndi uja amamutcha Dudley Bug kuno? Ali paliponse, pa zikwangwani, mpaka anali pa chizindikiro cha tawuni.

Wa Miyala:
Yemweyo, dzina lake la sayansi Calymene blumenbachii. Anthu okumba miyala kalelo ankawapeza nkumagulitsa kwa alendo. Ena amapezeka atadzipinda ngati bongololo ukamukhudza. Ndipo momwe wapezekera ndi mboninso payokha, trilobite wathunthu kapena crinoid wokhala ndi phesi ndi mutu womwe nde kuti anakwiriridwa msanga, mwina ndi matope a namondwe mmodzi, chifukwa crinoid akafa amayoyoka pa masiku ochepa chabe. Pomwe gawo lodzadza timikanda tokhatokha tophwanyika topanda matope nde kuti mafunde anatipeta kwa nthawi yaitali ngati mayi akupeta mphale.

Aphunzitsi a Jogalafe:
Ndikutsatira ndipo ndavomera kuti ndinafulumira. Koma ndifunse, ngati mboni iliyonse ili ndi matanthauzo awiri, simumangosankha lomwe lakusangalatsani? Ana asukulu akandifunsa chonchi ndiwayankha chani?

Wa Miyala:
Funso labwino aphunzitsi ndipo nthawi zina akatswiri amatsutsanadi pa gawo limodzi kwa zaka. Chomwe chimatimanga manja kuti tisamangolota ndi ndondomeko ya magawo, chili pansi nchiyani, chili pamwamba nchiyani. Mjeremani wina Johannes Walther analemba mu 1894 kuti magawo omwe asanjikizana popanda kudukiza amayenera kukhala a malo omwe anali oyandikana nthawi imodzi. Ganizirani nyanja yathu ikamakwera zaka za mvula yambiri, pomwe panali mchenga wa pagombe pamabwera madzi ofika m'chiuno, kenako akapitiriza kukwera pamagwa matope. Mukakumba pamenepo mupeza mchenga pansi matope pamwamba, zomwe zinali moyandikana tsopano zagonerana. Nde sungalumphe kuchoka pa matope a pakuya kufika pa ming'alu ya dzuwa popanda za pakati, ukaona kulumpha koteroko dziwa kuti pali nthawi yomwe yasowa kapena wamasulira molakwa.
Tsono taonani za ku Dudley. Pansi penipeni pali Coalbrookdale Formation, matope otuwa a madzi odekha akuyako. Pamwamba pake pakubwera Much Wenlock Limestone Formation yomwe ili ndi zigawo zitatu. Choyamba Lower Quarried Limestone, mwala wa laimu wolimba woyera bwino. Pakati Nodular Member, chigawo chokhuthala kuposa zinzake, mamita pafupifupi 30, momwe laimu ali m'mibulumibulu yosakanizana ndi matope. Kenako Upper Quarried Limestone, woyeranso, wodzadza tizidutswa ta crinoid. Pamwamba pa zonsezi pakubwereranso matope a Elton Formation. Mukawerenga kuchokera pansi nkhani yake ndi iyi: pakuya, kenako madzi aphwa, kenako akwerako pang'ono, aphwanso, kenako akwera kwambiri nkumiza zonse. Matope a mu Nodular Member sitingawatche a dziwe lotchingidwa chifukwa ndi momwe muli zamoyo zamitundumitundu za nyanja yotseguka, ndipo mulinso timilu ta ma reef ang'onoang'ono.

Make Tadala (Dudley):
Nde nchifukwa chake pali ngati ngalande ziwiri zikuluzikulu ndi kamtunda pakati? Ndimadabwa kuti anakumbiranji chonchi.

Wa Miyala:
Ndi chimenecho achemwali. Okumba ankafuna zigawo ziwiri zoyerazo, za pansi ndi za pamwamba, chifukwa laimu wake ankamuthira m'ng'anjo zosungunulira chitsulo kuti achotse zinyalala, winanso ankawotcha kupanga laimu wa m'minda ndi womangira. Chapakaticho chili ndi matope ambiri nde anachisiya. Anthu amenewo sankatchula Dunham koma ankadziwa gawo lililonse ndi maso ndi nyundo. Kukumba kunatha cha m'ma 1920, ndipo mu 1956 malowa anakhala National Nature Reserve chifukwa cha miyala yakeyo. Roderick Murchison yemwe anatcha nyengo ya miyalayi dzina loti Silurian anagwiritsa ntchito kwambiri ma fossil, zotsalira za zamoyo zakale m'miyala, a ku Dudley m'buku lake la 1839.

Malume a ku Joni:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Za kuya ndamva. Nanga za kufunda? Ku UK kuzizira konse kuja mukuti kunali ngati ku Mombasa?

Wophunzira ku Zomba:
Ma coral malume, ma coral amakhala m'madzi ofunda okha.

Wa Miyala:
Mphwanga apanso pang'onopang'ono. Ma coral omanga reef a lero ambiri amafunadi madzi ofunda ndi kuwala chifukwa m'thupi mwawo mumakhala tindere tomwe timafuna dzuwa. Koma a ku Dudley ndi amitundu ina, tabulate ndi rugose, omwe anatheratu zaka 252 miliyoni zapitazo kumapeto kwa Permian, si makolo achindunji a alerowa, ndipo akatswiri amatsutsanabe ngati anali ndi tindere timeneto. Komanso lero lomwe kuli ma coral a m'madzi ozizira akuya kufupi ndi Norway, ndipo kumwera kwa Australia pansi pa nyanja yozizira pakuunjikana mchenga wa laimu wochokera ku ma bryozoan ndi nkhono. Nde laimu payekha kapena coral mmodzi si umboni wa kufunda.
Chomwe chimalimbitsa nkhaniyi ndi mboni zingapo zogwirizana. Ma reef enieni omangidwa ndi ma coral pamodzi ndi ma stromatoporoid, omwe ndi mtundu wa siponji yolimba, ndere za laimu zomwe zimafuna kuwala, kuchuluka kwa mitundu kuja. Kenako pali umboni wochokera kwina kosiyana kotheratu, maginito a m'miyala. Mwala ukamapangika tizitsulo ta mkati mwake timaloza komwe maginito a dziko akuloza, ndipo kupendekeka kwake kumasiyana malinga ndi kutalika kwako kuchoka pa Ikweta. Miyala ya nyengo imeneyo ikuonetsa kuti chigawo cha dziko chomwe lero ndi England chinali kumwera kwa Ikweta, m'dera lotentha. Nthawi yomweyo Africa wathuyu anali mbali ya chimtunda chachikulu cha Gondwana chomwe chinafika mpaka ku South Pole.

Make Tadala (Dudley):
Ha, nde kuti iwo anali kotentha ife kozizira. Tadala akamva izi sagona.

Mayi a Chisomo:
Pepani ndilowererepo ndi mtima wabwino. Ine ndikamva za zigoba pamwamba pa phiri maganizo anga amapita pa chigumula cha Nowa. Sizingakhale zimenezo?

Wa Miyala:
Mayi funso limeneli anthu analifunsa kwa zaka mazana ndipo ena mwa oyambitsa maphunziro a miyala ku Britain anali abusa, nde si lachilendo. Za chikhulupiriro sindilowapo, ndingonena zomwe mwala ukuonetsa. M'ma reef aja ma coral ambiri ali chilili momwe anakulira, mutu m'mwamba, wina anamera pa chigoba cha mnzake wakufa, pamwamba pake panameranso wina. M'magawo a matope muli tinjira ta nyongolotsi zomwe zinkakumba kufuna chakudya, gawo ndi gawo. Madzi osefukira kamodzi amakokolola nkusakaniza zonse, sapereka mpata woti chamoyo chimere, chikule, chife, china chimere pamwamba pake kambirimbiri. Ndi zomwe ndingachitire umboni.

Mayi a Chisomo:
Zikomo poyankha mwaulemu achimwene. Ndikaganizirabe.

Aphunzitsi a Jogalafe:
Nanga 428 miliyoniyo?

Wa Miyala:
Pakati pa magawo a laimu pali timagawo topyapyala ta dongo loterera lotchedwa bentonite, ndi phulusa la mapiri ophulika lomwe linagwera m'nyanja. M'phulusamo muli timiyala ta zircon tomwe timasunga uranium, ndipo uranium amasanduka lead pa liwiro lodziwika. Ukayeza ziwirizo wapeza zaka. Phulusa limodzi limagwa dera lalikulu nthawi imodzi nde limathandizanso kulumikiza gawo la ku Dudley ndi la ku Wenlock Edge ku Shropshire nkuona kuti tsiku lomwelo uku kunali kosaya uku kwakuyako.

Wa ku Balaka:
Nde akuluakulu kwathu kuno anthu amawotcha laimu kuchokera ku miyala ya m'mapiri a Chenkumbi, ine ndakulira pafupi ndi ma uvuni amenewo koma chigoba ngakhale chimodzi sindinachionepo m'mwala. Ukauswa mkati mumangonyezimira ngati shuga. Kwathu kunalibe nyanja?

Wa Miyala:
Kunyezimira ngati shugako ndiye yankho lake achimwene. Imeneyo ndi marble. Inayamba ngati laimu wogona m'madzi kalekale, koma inakwiriridwa pansi kwambiri nkuphikidwa ndi kutentha ndi kupsinjika mpaka timibulu take tonse tinapangikanso mwatsopano. Mizere ya mafunde, matope, chilichonse chomwe tikanawerenga chinafufutika. Ya ku Changalume kufupi ndi Zomba yomwe inkapita ku simenti ndi chimodzimodzi. Ndiponso miyala imeneyi ndi yakale kuposa nthawi yomwe zamoyo zinayamba kukhala ndi zigoba, nde ngakhale ikanapanda kuphikidwa simukanapezamo nkhono.
Ndipo chenjerani, m'boma lanu lomwelo muli Kangankunde. Mwala wa pamenepo ukauthira asidi umachita thovu ngati laimu koma sunaonepo nyanja, ndi carbonatite, unachokera pansi pa dziko uli wosungunuka. Ku Tanzania phiri la Ol Doinyo Lengai limatulutsabe chiphalaphala cha mtundu umenewu. Nde miyala itatu, wa ku Dudley, wa ku Chenkumbi ndi wa ku Kangankunde, yonse ndi ya carbonate, gulu la miyala yochita thovu ndi asidi, koma mbiri zake nzosiyana kutalitali. Ichi nchifukwa chake ophunzira athu zimawavuta phunziroli, dziko lathu lilibe malo ambiri oti ukaone laimu wa m'nyanja yamchere wosaphikidwa, zimathera pa bolodi.

Wophunzira ku Zomba:
Zoona akulu, grainstone ndinangomuona pa silaidi imodzi ya pa maikulosikopu, tonse kalasi yonse kulimbirana.

Wa ku Angonia:
Kuno ku Mozambique alipo. Ku Cheringoma m'chigawo cha Sofala, kufupi ndi Gorongosa, kuli laimu wa nyengo ya Eocene wodzadza ma nummulite, tizigoba tozungulira taphwatalala ngati makobidi. Ndi mtundu womwewo uli m'miyala yomangira mapiramidi a ku Giza. Kuchokera ku Nsanje si kutali kwenikweni, masukulu atagwirizana ana akhoza kukaona.

Wa Miyala:
Zikomo achimwene, ndipo ma nummulite ndi mboni yabwino ya kuya chifukwa abale awo a lero amasunga tindere m'thupi nde amakhala pofika kuwala. Kawirikawiri okhuthala olimba amakhala kosaya kwa mafunde, opyapyala otambalala amakhala chakuya komwe kuwala kwachepa.

Malume a ku Joni:
Nanga dolomite wa kuno, mwala uja wofanana ndi laimu? Ine ndagwira ntchito ya zomangamanga ku Centurion zaka zambiri, tisanathire maziko amabwera kaye a ma drill chifukwa nthaka imatha kungotitimira, ku Carletonville nde mbiri yake ya maenje ndi yoopsa. M'miyala ina yomwe timafukula mumakhala mizere yopindika yosanjikizana ngati wadula kabichi pakati. Ndakhala ndikuiona osadziwa.

Wa Miyala:
Malume mwakhala mukugwira ndi manja chinthu chakale kuposa za ku Dudley kasanu ndi kuposerapo. Ameneyo ndi Malmani dolomite, wa zaka pafupifupi 2.5 biliyoni, ndipo kabichiyo ndi ma stromatolite. Nthawi imeneyo kunalibe coral, kunalibe nkhono, kunali tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe tinkayala ngati ndere pansi pa madzi, matope nkumamatira, ito nkumera pamwamba, chonchobe mpaka mulu. Popeza mulibe zigoba, akatswiri amawerenga maonekedwe a miluyo. Yaphwatalala yokhala ndi ming'alu ndi ya pomwe madzi ankabwera nkuphwa, timizati ndi timilu tating'ono ndi ta posaya pa mafunde, pomwe zimilu zikuluzikulu zotalika mamita angapo zoloza mbali imodzi ndi za pansi pa madzi osaphwa pomwe kuyenda kwa madzi kunkazisema. Amoyo alipobe ku Hamelin Pool ku Shark Bay, Australia, komwe mchere ndi wochuluka pafupifupi kawiri kuposa nyanja wamba nde nkhono zodya ndere sizichuluka. Koma apanso osatengera za Shark Bay nkuziika pa Malmani osaganiza, kalelo kunalibe chowadya nde ankamera malo ambiri omwe lero sangamere.
Maenje mukunenawo ndi madzi omwe amasungunula dolomite pang'onopang'ono nkusiya mphako. Mapanga a Sterkfontein ali mu mwala womwewo.

Malume a ku Joni:
Mawa ndikatola kachidutswa ndikasunge. Zaka zonsezi timangotaya.

Aphunzitsi a Jogalafe:
Kupatula kukhutitsa chidwi, ntchito yake ndi yotani? Ndikufuna ndikawauze a Fomu 4 zogwirika.

Wa Miyala:
Madzi, mafuta ndi simenti aphunzitsi. Grainstone ndi reef zimakhala ndi mipata yomwe imasunga madzi kapena mafuta, matope amatseka. Ukadziwa kuti gombe lakale linayang'ana uku ndipo kuya kunali uko, umadziwa koboola chitsime chotsatira. Dera lalikulu la zitsime za mafuta la Ghawar ku Saudi Arabia lili mu laimu wa nyengo ya Jurassic wa m'nyanja yosaya, ndipo Dunham mwiniwake ankagwira ntchito ku kampani ya mafuta ya Shell pomwe ankalemba zija. Wa simenti nayenso amafuna adziwe gawo loyera lithera pati.

Make Tadala (Dudley):
Chatsala chimodzi, chimwala chija bwanji chili chopendekeka? Mizere sikanapangika pa chitunda chotero.

Wa Miyala:
Inapangika pogona. Patapita zaka zoposa 100 miliyoni, kumapeto kwa nyengo ya Carboniferous, zigawo za dziko zinakankhana ndipo magawo aja anapindika ngati mphasa ukaikankha mbali ziwiri. Wren's Nest ndi msana wa kupindikako, nchifukwa chake mbali ya kum'mawa miyala yapendekera kum'mawa, ya kumadzulo yapendekera kumadzulo. Mukapitanso kayendeni mbali zonse ziwiri muone nokha.

Make Tadala (Dudley):
Ndili off Loweruka tipitanso. Ndinyamule chani? Nyundo ndili nayo ya m'nyumba.

Wa Miyala:
Nyundo isiyeni achemwali, pamalo paja saloleza kuswa miyala, mumangotola zomwe zagwa kale pansi. Nyamulani kabotolo ka madzi, mswachi wakale, ndi ndalama yachitsulo yoika pambali pojambula kuti tidziwe kukula kwake. Mwala mukaunyowetsa tizidutswa timaoneka bwino. Pa uliwonse Tadala ayankhe mafunso atatu: tizidutswa tikugundana kapena tikuyandama m'matope, ndi tathunthu kapena tophwanyika, ndipo ndi tamitundu ingati. Kunyumba donthezani viniga pa kachidutswa kamodzi, laimu amatulutsa tithovu pang'onopang'ono, ikani khutu pafupi mumva.

Make Tadala (Dudley):
Ndayesa pompano pa omwe tinatola aja, akuchitadi tithovu ting'onoting'ono! Koma pali wina apa ndamunyowetsa wandidabwitsa, pamwamba pake pali ngati tcheni cha njinga chopindikapindika, timabowo tolumikizana mzere umodzi. Winayu ali ngati chisa cha njuchi.

Wophunzira ku Zomba:
Watcheniyo ndi Halysites!! Wachisa cha njuchi ndi Favosites. Akulu ndalondola?

Wa Miyala:
Walondola zonse ziwiri mphwanga. Achemwali mutembenuze wachisa cha njuchiyo mujambulenso kunsi kwake, ndikufuna ndione ngati anamera pa chigoba cha china chake.

Make Tadala (Dudley):
Dikirani ndiyatse getsi la kukhitchini, kuno kwada kale.